Caka ca Njala Sitidya Mbeu

Mwana wathu woyamba anatsiriza maphunziro a makompyuta ku Lusaka m'caka ca 2019. Iye ndi anzake awiri anali atapanga pulogalamu ya pa foni yothandiza alimi kupeza ogula cimanga ndi nshawa popanda kudyeredwa ndi amalonda a pakati. Atabwera kudzationa, anali kukamba za ofesi ya magalasi, za galimoto, ndiponso za anthu olemera a kunja amene adzaika madola m'nchito yao. Anauza amai ake kuti, "Amai, pirirani zaka ziwiri cabe, mbaula iyi mudzaiiwala." Ife tinaseka, koma mumtima tinakhulupirira.

Kenaka cinafika caka ca 2020. Mliri wa Covid-19 unaimitsa malonda, ndipo cuma ca dziko lathu cinabwerera pambuyo kwa nthawi yoyamba kucokera mu 1998. Dola imene inali kugulidwa pafupi-fupi K14 m'Januwale inapitirira K20 caka cisanathe. Mu Novembala boma linalephera kulipira ciongoladzanja ca ngongole zake za kunja. Olemera amene analonjeza madola analeka kuyankha makalata. Mnzake mmodzi anakakhala m'kantemba kotumiziramo ndalama pa foni, wina anabwerera kumudzi kukalima. Mwana wathu anafika pakhomo ndi cikwama cimodzi, nati: "Atate, tinali kulota cabe." Mau amenewo anatipweteka kuposa ndalama zonse zimene zinatayika.

Ife a msinkhu wathu tikudziwa bwino m'mene cuma cikagwa cimatsitsira maso a munthu. M'zaka za m'ma 1990 makampani a boma anagulitsidwa, Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, ndipo abambo ambiri anacotsedwa nchito. Amene anali kugula suti m'sitolo anayamba kusankha m'mulu wa salaula. Amene anali kunyamula thumba lathunthu la unga anaphunzira kugula pamela. Poyamba munthu amacita manyazi. Pambuyo pake amazolowera, nayamba kuyamika tsiku limene ana agona atadya.

Acinyamata ena amaganiza kuti zimenezi zimagwera maiko osauka okha. Iyai. Ku America, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, aliyense wochula mau akuti intaneti anali kupatsidwa ndalama, ngakhale kampani yake isanapindule kanthu. Mu Malichi 2000 mitengo ya magawo a makampani pa msika wa Nasdaq inafika pamwamba peni-peni, ndipo pofika Okutobala 2002 inali itagwa ndi magawo oposa atatu mwa anai. Kampani ya Pets.com, yogulitsa cakudya ca agalu ndi amphaka pa intaneti, inatsekedwa mu Novembala 2000. Mu 2008, banki ya Lehman Brothers itagwa, a Sequoia Capital, amene amaika ndalama m'makampani atsopano, anasonkhanitsa eni makampaniwo nawacenjeza kuti masiku a mtendere atha, acepetse zoononga.

Koma m'caka comweco ca 2008, anyamata awiri a ku San Francisco, Brian Chesky ndi Joe Gebbia, amene anali kuyambitsa Airbnb, anasowa wowathandiza. Anapanga mabokosi a cakudya ca m'mawa okhala ndi zithunzi za Barack Obama ndi John McCain, nawagulitsa madola 40 bokosi limodzi kuti nchito yao isafe. Anatsitsa moyo wao kufika pansi, koma colinga cao sanacitaye.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kutsitsa zofuna ndi kwina, kutaya ciyembekezo ndi kwinanso. Makolo athu, caka ca njala, anali kucepetsa nsima, kudya kamodzi patsiku, ngakhale kukumba mizu ya kuthengo. Koma mbeu zomangidwa pamwamba pa moto palibe anali kuzikhudza. Ofesi ya magalasi ndi galimoto ndiye nsima, zingathe kudikira. Nzeru za mwana ndi kulimba mtima kwake ndiye mbeu.

Tiulule kuti ife tinatsala pang'ono kudya mbeuyo. Tsiku lina tinamuuza mwaukali kuti aleke masewera a pa foni, akafune nchito ngati anzake. Amai ake ndiwo anatidzudzula usiku, nati: "Kodi mufuna kutsiriza cimene njala yasiya?"

Lero mnyamatayo ali ndi kanchito kakang'ono. Amasungira amai a pa msika ndi magulu a cilimba mabuku a ndalama pa foni, ndipo iwo amamlipira pang'ono-pang'ono mwezi uliwonse. Ofesi yake ndi tebulo la m'cipinda cathu codyera. Sakambanso za olemera a kunja. Amafunsa kaye ngati pali munthu wofuna kulipira cimene wapangaco. Funso limeneli sanalidziwe m'masiku a maloto.

Inu makolo anzathu, mwana akabwerera pakhomo ali wera, mpatseni mphasa ndi mbale, mumphunzitse kukhala ndi zocepa monga tinaphunzirira ife. Koma musamseke cifukwa ca zimene analota. Amai ake akali kuphikira pa mbaula, ndipo sadandaula. Amati mbeu ikali pamwamba pa moto, ndipo mvula sinalekepo kubwera.