Khola la Ngodya Zinayi

Pa maphunziro onse a mayeso a MSCE palibe limene ana asukulu amalithaŵa ngati Additional Mathematics. Chifukwa chake nchomveka. Poŵerengera mapointi amatenga maphunziro 6 okha amene munthu wakhoza bwino, tsono wochenjera amadzifunsa: ndisenzerenji mtolo wina pamene masamu wamba andilemera kale? Ife amene tidalemba phunziroli mu 1989, patangopita zaka ziŵiri bungwe la MANEB litakhazikitsidwa, tidalipo 7 m'kalasi la ana oposa 40. Anzathu ankatitcha "a dy/dx," ndipo sikudali kutitamanda ai.

Kukonzekera kwake kudali kwa usiku. Magetsi akazima ku hositelo tinkabisala m'kachipinda kosungiramo makasu, koloboyi pakati, mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisatibe. Buku lidali limodzi, lothothoka chikuto. Mafunso a zaka zam'mbuyo tinkachita kukopera pamanja. Sine, cosine, logarithm: mau ameneŵa tinkawaloŵeza ngati katekisimu, osafunsa kuti mwiniwake ankati chiyani.

Samu imodzi yokha ndiyo idandiloŵa mumtima. Uli ndi waya wa mamita 40, umange khola la ngodya zinayi lalikulu kuposa onse. Mbali imodzi ukaitcha x, inzake ndi 20 − x, ndipo malo a m'kati ndi x(20 − x). Ukachita differentiate upeza 20 − 2x. Ukalinganiza ndi 0, x ndi 10. Ndiye kuti khola la mbali zofanana, masikweyamita 100. Leibniz adasindikiza njira imeneyi mu 1684, ndipo ife tinkaiona ngati mankhwala ochokera kutsidya kwa nyanja.

Pa tchuthi cha Pasaka ndidawafotokozera bambo samuyi, ndikulemba pansi ndi kamtengo. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka nkuti, "Nanga ngodyazo nzachiyani, mwana wanga? Ng'ombe igona pangodya?" Khola lawo lidali lozungulira, nkhokwe yozungulira, monga ankamangira agogo awo. Usiku womwewo ndidaŵerengera: mamita 40 omwewo ukawazunguliza, malo ake amapitirira masikweyamita 127. Munthu wolekera sukulu Sitandade 3 adaposa buku lathu ndi 27 yathunthu! A masamu musandikwiyire, buku silidaname. Lidafunsa za ngodya zinayi ndipo lidayankha za ngodya zinayi. Chondiŵaŵa nchakuti m'zaka ziŵiri zonse palibe adatiuzapo kuti funso limeneli makolo athu adalimbana nalo kalekale ndi nsungwi ndi luzi.

M'chipinda cha mayeso maganizo otere alibe malo. Kudali chisanu, zala zitauma gwa. Woyang'anira adatiwonetsa envulopu kuti njosatsegula, naing'amba pamaso pathu. Ine m'mutu mudali thole limene bambo adagulitsa kuti alipire fizi ya chaka chimenecho. Ndikalephera, thole lapita ulele, ndipo njira ya ku Zomba yatsekeka. Ndidatsata malangizo a aphunzitsi: yamba ndi funso ulidziŵalo, lemba njira yonse pakuti malikisi ali m'njiramo, funso likakukanika lisiye usalire nalo maliro. Patsamba lachiŵiri ndidakumana nalo khola lija, ulendo uno mbali imodzi litatsamira khoma. Dzanja lidalemba lokha. Mafunso ena adandidyera nthaŵi, makamaka la integration, ndipo mau oti "lekani kulemba" adandipeza ndili pakati pa mzere.

Panja tidafananiza mayankho a funso lomaliza. Anthu 7, mayankho 4, aliyense akulumbira kuti lakelo ndilo.

Nditafika kumudzi ndi sutikesi yanga, bambo sadafunse ngati ndakhoza.

"Khola lija adafunsa?"

"Adafunsa, bambo."

"Lozungulira?"

"Iyai, la ngodya lomwe lija."

Adapukusa mutu, natola ndodo kupita kukatsekera ng'ombe.