Usadikire Kuti Ndalama Zithe

Kanduku,
Mwanza.

Mwana wanga,

Kalatayi ndaiika m'thumba la nandolo kuti ukaipeze ukafika ku Blantyre, chifukwa ndikamayankhula nawe pamaso umangoseka n'kumati, "Amayi inunso!" Uiwerenge uli wekha, ndipo uiwerenge mpaka pamapeto.

Chiimbireni foni amuna ako Lachiwiri usiku, ine sindikugona tulo. Iwe unangoti kuntchito kwawo achepetsa anthu, dzina lawo lili pomwepo, koma apeza ina posachedwa. Unanena ukupinda zovala, osakweza n'komwe mutu. Ine m'mimba munangoti juu, chifukwa msuweni wako, mwana wa atsibweni ako aakulu, anandiyankha chimodzimodzi pakhonde pano, tsiku limene ndinamufunsa za bambo wa kunyumba kwake.

Nkhani yake umaidziwa mwapatalipatali, poti unali kusukulu. Lero ndikuuze yonse. Mwamuna uja ankagwira ntchito paboda, yokonza mapepala a mathiraki ochokera ku Zobue. Ndalama ankazigwira. Nyumba ya lendi pa boma, ya magetsi ndi madzi a m'nyumba, firiji, sofa, DStv, ana awiri kusukulu ya pulaiveti. Ntchito itatha, m'nyumba muja simunasinthe kanthu ngakhale kamodzi. Bamboyo m'mawa ankasamba, kuvala malaya osita, n'kupita kukakhala pansi pa mtengo paboda pomwepo kuti aneba aziti ali pantchito. Mayiyo ankagulabe nkhuku Lamlungu, ankasokabe nsalu ya yunifolomu pa ukwati uliwonse. Ndalama zimene anawapatsa pochoka zinatha asanadziwe kuti zapita kuti. Msuweni wako anakatenga ngongole ku banki m'khonde. Tsiku lobweza litafika, analowa gulu lina kuti abweze koyambako. Kenako katapila. Ukatenga K100,000, pakutha pa mwezi akufuna K150,000, ukalephera chiwongoladzanjacho nacho chimabereka chake. Tsiku lina kunabwera galimoto ya bokosi. Ananyamula firiji, sofa, matiresi, mpaka mapoto, ana akuona, aneba omwe ankawaopa aja ataima m'mipanda. Mwamunayo anadutsa pa Zobue pomwepo kulowera ku Joni, ndipo foni yake siipezeka mpaka lero. Msuweni wakoyo ndi uyu wamuona, akugona m'nyumba ya agogo ako ndi ana, akuyenda m'maganyu opalira.

Chimene chinamugwetsa mwana uja ndi manyazi. Ntchito imatha kwa aliyense. Akanatsika okha mwezi woyamba, ndalama zili m'manja, bwenzi pano ali ndi mapoto awo, mwina ndi banja lawo lomwe.

Ndiye tamvera. Usiku woyamba womwe ukafike, musanayambe zocheza, mukakhale pansi awiri ndi kope ndi cholembera. Amuna ako akuuze ndalama zonse zimene alandire, iwenso uwauze zimene uli nazo, ngakhale zija wamanga pa nsonga ya chitenje. Nthawi ya msuweni wako tinapita ku ofesi ya leba, ndipo anatifotokozera lamulo la ntchito la mu 2000: munthu akachotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito, ayenera kulandira ya severance, malipiro a milungu 2 pa chaka chilichonse chimene wagwira pa zaka 5 zoyambirira, ndipo zaka zikapitirira pamenepo muyeso umakwera. Palinso ya notisi ndi ya masiku a tchuthi amene sanapume. Asasaine pepala lililonse asanaliwerenge bwino. Zikavuta, ofesi ya leba ku Blantyre iliko, khoti la nkhani za ntchito lilinso komweko. Za penshoni musaziwerengere kaye, sizituluka tsiku limene munthu wazifuna. Mukaphatikiza zonse, mugawe ngati kuti ntchito sipezeka mpaka chaka chitatha. Ikapezeka msanga, tidzayamika Mulungu.

Choyamba kuchigwetsa ndi lendi. Ndikudziwa nyumba ija ya ku Chilomoni waikonda, unandionetsa pafoni, matailosi ndi siling'i. Ichokeni. Muwauze a landilodi mwaulemu mwezi uno, musanakhale ndi ngongole nawo, mupeze ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, kaya ku Ndirande, kaya ku Mbayani, kaya ku Machinjiri. Madzi mukatunga pa kiyosiki, vuto lili pati? Unakula ukusenza ndowa kuchokera pamjigo, khosi lako silinathyoke. Chokhacho, musapite m'mbali mwa phiri kapena mwa mtsinje chifukwa chotsika mtengo. Unaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023. Katundu amene sakwana m'nyumba yaing'onoyo mugulitse nokha, pamtengo wanu, musanakakamizidwe. Firiji ya msuweni wako anaiwerengera mtengo wa mbuzi imodzi.

Ndikudziwa ukuti chiyani mumtima: tsabola wakale sawawa. Chabwino. Koma ine zimenezi ndinaziona ndili kamtsikana. Agogo ako aamuna ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo TEBA itasiya kutenga anthu kuno mu 1988, anabwera ndi sutikesi, wailesi, njinga ndi jekete lalikulu lija unkaliseka. Azibambo ambiri amene anabwera nawo limodzi ankangoti mawa atiitananso, n'kumamwa tiyi wa mkaka ndi kugulira mudzi wonse mowa. Agogo ako aakazi sanadikire mawalo. Sabata yomweyo anabisa shuga, natenga ndalama zotsala kukagula mbuzi ndi mbande za manachesi. Tinalira ife, kuzolowera buledi! Ndinkawaona ngati mayi wankhanza. Mitengo ija ili kuseri kwa nyumbayi ndi yomweyo, ndipo fizi yako ya Fomu 1 inachokera m'menemo. 

Za kukhitchini ndiye usandichititse manyazi, ndinakuphunzitsa ndekha. Ufa woyera usiye kaye, muzidya mgaiwa. Chimanga chomwecho ukachikonola n'kuchiviika chimachepa, ndipo kuchigayo umalipira kawiri. Usamagule ka walkman tsiku ndi tsiku, kamaoneka kotchipa koma pakutha pa mwezi walipira thumba lonse n'kupitirira. Chimanga tizikutumizirani kuchokera kuno pa minibasi, inu muzingolipira mtengo wonyamulira. Nandolo ndakupatsayo ndi wambiri, nyemba ukaziviika usiku sizidya makala. Bonya, soya pisi, mpiru, chisoso, nkhwani wotendera, zonsezi ndi ndiwo, palibe anafa nazo. Nyama kamodzi pa mwezi, osati chifukwa choti aneba amve fungo. M'mawa mbatata kapena chinangwa, buledi ndi Blue Band adikire. Mafuta ophikira uzithira ndi supuni, usamapendeketse botolo monga ndakuona ukuchitira kuno. Kumsika uzipita madzulo, ogulitsa akafuna kuweruka, ndipo uzinenerera, si tchimo. Hotipuleti ndi ketulo zimameza mayunitsi a ESCOM, uzilonge m'katoni, ugule mbaula ya dothi.

Ukumbukirenso kuti ndalama ya masiku ano siikhala m'manja. Mu November 2023 kwacha anaigwetsa mphamvu ndi 44 peresenti usiku umodzi, m'mawa mwake mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta inali ina. Choncho zosawonongeka monga sopo, mchere ndi machesi mugule zokwanira pamene ndalama ya severance yangofika, zotsalazo muike kubanki, osati mufoni momwe chala chimangoyabwa. Tingongole ta pafoni tija, ta eyataimu ndi tina, musatiyambe. Msuweni wako anayambira pomwepo, pa tating'ono.

DStv muzimitse. Bando ya WhatsApp yokha ikukwanira, poti amuna ako azifunira ntchito pomwepo. Tsitsi uziluka la ulusi. Zovala uli nazo zambiri, ngakhale ku kaunjika usapiteko chaka chino. Usiku usamayende, mankhwala a mwana usamasiye, kutchalitchi uzipita.

Kutchalitchi komweko ndi kumene ndikuopa kwambiri. Amayi anzako akamati tisoke nsalu ya mtundu umodzi, tisonkhe za bridal shower, tipite ku perekaniperekani, iwe uzinena poyera kuti, "Abambo kunyumba ntchito inatha, ulendo uno mundikhululukire." Mawu amenewa amawawa tsiku loyamba lokha. Adzakunena sabata imodzi, kenako adzapeza wina womunena. Msuweni wako analephera kuwatchula, ndipo pa ukwati wina kuno ndinamuona ndi maso angawa akuponya ndalama m'lichero akuvina, pamene ndalamazo anali atazitenga kwa wakatapila dzulo lake. Anthu anaimba nthungululu. Tsiku la galimoto ya bokosi, mwa oimba nthungululu aja sindinaonepo ndi mmodzi yemwe.

Tsopano za amuna ako. Ndi mwana waulemu, ndinamuona pa chinkhoswe, ndipo sindikufuna kuti umutaye. Mwamuna ntchito ikamuthera amakhala ndi mtima wapachala, kanthu kakang'ono wakwiya, kapena amangoti zii tsiku lonse. Usamutonze. Usamuyerekeze ndi amuna a anzako, ndipo pakamwa pakopo, poti ndimapadziwa, uzipagwira. Pogawa ndalama uzisiya kangachepe koti akhale nako m'thumba, ka minibasi ndi kometetsa, asamachite kukupempha ngati mwana. Koma ukaona wayamba kukhalitsa kumalo obetcha mpira, kapena akubwera akununkha kachasu, usabise. Ankhoswe tinawaika kuti agwire ntchito imeneyo. Ndipo asanyoze ntchito. Ya ulonda, yonyamula katundu ku Limbe, yothandiza amisiri omanga, agwire uku akufunafuna ya maphunziro ake. Iwenso manja uli nawo. Mandasi umawatha, zitumbuwa umazitha. Nyengo ya manachesi ikafika ndizikutumizira madengu, ku Blantyre anthu akangomva kuti ndi a ku Mwanza safunsa kawiri. Mpamba wake uchoke m'ndalama zanu, ngakhale wochepa bwanji, osati wobwereka.

Kuno musatumize kalikonse. Ndanena. Ndikadzamva kuti watumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money kuti amayi agule shuga, ndidzazibweza tsiku lomwelo. Azibale a kuchimuna nawonso amuna ako awauze okha zoona, asamayembekeze za mwezi ndi mwezi. Mlongo wako za mayeso a Fomu 4 tathana nazo, tagulitsa tonde uja. Mbuzi yakuda yaswa awiri. Agogo ako BP yatsikako, mankhwala tinakatenga kuchipatala cha pa boma. Abambo ako akupereka moni, akuti denga la khitchini afolera mvula isanagwe, monga ananenera chaka chatha. Mwana wa msuweni wako wamkulu uja wayamba sukulu ya boma konkuno, ndipo akukhoza bwino kuposa mmene ankachitira ku pulaiveti kuja.

Mdzukulu wangayo phala la m'mawa lisamusowe, uzithiramo nsinjiro, ndakuikira m'chigubu. Akadwala upite naye kuchipatala cha boma msanga, usayambe wagula timapilisi pa okala. Zinthu zikathina kwambiri, mubweretse kuno akhale nane miyezi ingapo. Ndinalera iwe, iyeyu sangandikanike.

Mwana wanga, ndakulemberatu zambiri, dzanja latopa ndipo maso akuchita chidima. Zina zonsezi ukaiwala ndikhululuka. Koma chonde, ndakugwira mwendo, kwa wakatapila usapiteko. Ngakhale lendi itakwana mulibe kanthu, ngakhale mutagona ndi njala, usapereke khadi la kubanki kapena chitupa chako kwa munthu. Usalowe magulu awiri a banki m'khonde. Usandinamize pafoni kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino, msuweni wako anawanamiza amayi ake mpaka tsiku lomaliza, ndipo mayi aja sanachirebe mtima. Ukasowa eyataimu ungoflasha, ine ndiimba, kaya ndi pakati pa usiku. Zikakanika ndithu, kwerani minibasi nonse atatu mubwere, munda ulipo, nyumba yako ija sindinaikemo munthu. Palibe adzakusekeni pakhomo pano, ndipo wofuna kuseka adzayambe waonana ndi ine. Chonde mwana wanga, ukangofika undiimbire, ndipo Lamlungu undiuze kuti kope lija mwalemba. Chonde.

Ndine mayi ako.