Ulendo wa Masiku Anayi m'Mbali mwa Nyanja

Amayi anzanga, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo thumba la gulu likakhala ndi kangachepe, pamabuka funso lakuti ndalamayo tichite nayo chiyani. Ena amati tisoketse yunifolomu yatsopano, ena amati tiphe mbuzi. Ine ndimaima ndi amene amati tiyende. Nzomvetsa chisoni kuti mlendo wochokera ku Ulaya amatchula zilumba za ku Chembe ndi maina ake, pamene mayi wa ku Ntaja kapena ku Katuli, amene wakazinga usipa moyo wake wonse, sadapondepo mchenga wa kumeneko. Komabe ulendo wa gulu umayendera ndalama za anthu, ndipo ndalama za anthu zikamwazika panjira, gulu limabwerera kumudzi litagawikana. Tsono tiyeni tiukonze tili pansi, tisanakwere galimoto.

Choyamba ndi nyengo. Dzinja lisiyeni, pakuti misewu yafumbi imaterera ndipo udzudzu umachuluka. Mwezi wa October kutentha kwa ku Mangochi kumafoola ngakhale anyamata, nanji agogo. Kuyambira June mpaka August kunja kumazizira bwino, koma ndiyo nthawi ya mwera, mphepo yochokera kumwera imene imautsa mafunde nkuletsa mabwato. Choncho ngati mtima wanu uli pa kukwera boti, sankhani May kapena September. Kumbukiraninso kuti m'miyezi ya November ndi December boma limatseka usodzi wa makoka pofuna kuti chambo chiswane. Amene akufuna kubwerako ndi ndiwo asapite nthawi imeneyo.

Za minibasi ya hayala ndinenepo mosabisa. Pangano la pakamwa silikwanira. Mlembi alembe papepala masiku anayiwo, malo onse oimapo, mwini wogula mafuta, ndiponso chochita ngati galimoto yafera panjira. Dalaivala asayine, wapampando asayine. Musapereke ndalama yonse tsiku lonyamuka. Muonetsetse kuti tayala lapadera lilipo ndipo lili ndi mpweya. M'zaka za 2022 mpaka 2024 tidaona mizere yaitali ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta, choncho mukapeza mafuta pa Liwonde kapena pa boma la Mangochi dzazani thanki, musati tikamwetsa kutsogolo. Msungichuma asamange ndalama zonse pa mfundo ya chitenje. Zina zikhale mu foni, ku Mpamba kapena Airtel Money, ndipo madzulo alionse awerengere gulu zimene zatuluka tsikulo, anthu asanagone.

Ulendo uyambire pa Liwonde m'mamawa. Kuchoka pamenepo kukafika ku Mangochi ndi mtunda wa makilomita oposa 70, kudzera pa Ulongwe, ndipo kudzanja lamanja kuli nyanja ya Malombe, imene mtsinje wa Shire umalowamo nkutulukanso. Makolo athu amati kale chambo cha m'Malombe chinkadyetsa mizinda. Lero chatsala kwambiri ndi kambuzi, chifukwa maukonde a maso ang'onoang'ono adakokolola ndi ana omwe. Apa musachedwepo. Mufike pa boma dzuwa lisanakwere, chifukwa pali zambiri zoti muone ndi miyendo.

Ambiri timangodutsa pa boma la Mangochi ngati pamalo posinthira basi, osadziwa kuti ndi limodzi mwa maboma akale kwambiri m'dziko muno. Atsamunda adalikhazikitsa mu 1891 nalitcha Fort Johnston, kutengera dzina la Harry Johnston, ndipo cholinga chawo chidali kutseka njira imene amalonda a ukapolo ankaolokera Shire popita kugombe la nyanja ya mchere. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ya njerwa, imene idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima ya nkhondo yotchedwa Guendolen. Mfuti imeneyi ndiyo idaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya la Tanzania mu August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Koma chimene chimandigwira mtima ine si mfutiyo ayi. Ndi chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene idamira kumpoto kwa nyanjayi pa 30 July 1946, nkupha anthu 145. Imani pamenepo pang'ono, wina awerengere anzake mokweza, kuti pofika ku Chembe pasapezeke mayi wokakamiza mwini boti kunyamuka mphepo ikuomba. Mukatero pitani ku nyumba yosungiramo zakale za nyanja, imene ili chapafupi pomwepo, mukaone mabwato, maukonde ndi zida za asodzi akale.

Pano tili pakati pa abale athu Achiyao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Lachisanu masana mashopu ambiri amatsekedwa, eni ake ali ku mzikiti, choncho zogula mugule m'mawa. Nyama ya nkhumba isalowe m'kamba wanu, pakuti mudzabwereka mapoto ndi mafuwa a eni mudzi. Ndipo mukapatsa moni mayi wogulitsa tomato ndi mau akuti "Ajimwiche uli?", mudzaona nkhope yake ikumasuka, mwina ndi basera lomwe.

Tsiku lachiwiri olokani mlatho. Njira ina imakwera mapiri mokhotakhota kupita ku Namwera ndi ku chipata cha Chiponde, kumalire ndi Mozambique, ndipo pamwamba pa chikwezacho munthu amaona Shire, Malombe ndi nyanja yaikulu nthawi imodzi. Njira ina imatsata gombe la kum'mawa kupita ku Malindi, kumene kuli mishoni yakale ya Anglican ndi chipatala cha St Martin's. Musafune zonse ziwiri tsiku limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Gulu la amayi achikulire lisankhe Malindi, kumene dzuwa limalowa m'madzi muli chikhalire pamchenga, chinthu chimene a kugombe la kumadzulo sachiona.

Tsopano ndifike pa nkhani imene amayi ena amafunsa monong'ona. Ana athu amene ali ku Joni, pakuti boma lino lidatumizako ambiri, amasimba za msewu wa ku Cape Town umene umadutsa m'matauni a m'mbali mwa nyanja nkukalowa m'minda ya mphesa ya ku Stellenbosch ndi Paarl, kumene alendo amayenda munda ndi munda kulawa vinyo. Kumeneko adayamba kufinya mphesa mu 1659. Mphesa za vinyo zimakonda mvula ya m'nyengo yozizira ndi chilimwe chouma, pamene kwathu kuno mvula imagwa kukutentha, choncho minda yotere simudzaipeza ku Mangochi. Vinyo wa m'mabotolo wopangidwa m'dziko muno, monga wa Linga ku Lilongwe, ngwochokera ku zipatso zina.

Koma gombe lathu lili ndi munda wake umene sudabzalidwe ndi munthu. Mukangochoka pa boma kulowera ku Monkey Bay, kudzera kwa Mponda, Namiasi ndi Makawa, mudzaona migwalangwa ndi milambe mbali zonse za msewu. Mgwalangwa ndiwo umatulutsa uchema. Wogoma amadula nsonga ya mtengo, namangirira chikho kapena botolo kuti madzi ake adonthere m'menemo, ndipo tsiku ndi tsiku amasenga pabalapo kuti pasaume. M'mawa uchema umatsekemera ngati madzi a mzimbe. Pofika madzulo wasasa ndipo umagwetsa mwamuna wamkulu. Sindikukuitanirani ku chikho, amayi, ndipo dalaivala wanu asayandikeko nkomwe. Ndikufuna muone chinthu china. Mtengo womwewo ndiwo umapereka mlaza, umene amayi a m'midzi imeneyi amalukira mikeka, zipewa ndi zikwama zimene zapachikidwa m'mbali mwa msewu. Mtengo wosengedwa mosalekeza umauma, pakuti mgwalangwa umakulira kunsonga kokhako. Ndiye kuti chikho cha bambo ndi mkeka wa mayi zikulimbirana mtengo umodzi. Uchema umatha tsiku lomwelo, pamene mlaza ukadadulidwa chaka ndi chaka nkumalipirira ana sukulu. Imitsani galimoto, mucheze ndi oluka, muwafunse kumene akutenga mlaza masiku ano ndi kutalika kwake. Pogula musanenerere mpaka kumuliza mnzanu. Mkeka umodzi umadya masiku ambiri a zala zake. Malambe nawo gulani, mukaviike kunyumba ana akamwe.

Mahotela otchuka a ku Nkopola ndi Makokola ali m'njira yomweyi. Ngokongola, koma si a thumba la gulu. Funani nyumba zogona alendo wamba kapena holo ya mpingo, ndipo mutumize amayi awiri kapena muimbe foni sabata isanakwane ulendo, chifukwa mu 2024 nyanja idakwera kwambiri nkulowa m'malo ogona ambiri a m'gombe lino. Safunsa adadya phula. Mayi aliyense anyamule neti yake ya udzudzu, ndipo madzi akumwa muthiremo mankhwala kapena muwawiritse. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapweteka boma lino kwambiri.

Kuchokera pa boma kufika ku Monkey Bay, kumene eni ake amati ku Lusumbwe, ndi makilomita oposa 60. Ili ndilo doko ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland, nkubwera m'zidutswa, nkuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Ngati mwaipeza padoko ndi mwayi wanu. Funsaninso za Chauncy Maples, sitima ya amishoni imene idalowa m'madzi mu 1901 ndipo idatchedwa dzina la bishopu amene adamira m'nyanja yomweyi mu 1895.

Usiku wachitatu mugone ku Chembe. Msewu wake umapatuka musanafike ku Monkey Bay, nkudutsa m'mapiri a nkhalango pafupifupi makilomita 18, ndipo uyenera kuyendedwa kukuwala. Panjirapo pali Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope ya agogo athu. Sadatemere ndi munthu. Ndi ntchito ya dzuwa ndi mvula. Dzina lakuti Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone, amene adafika panyanjayi mu 1859, polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town komwe kuja. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, adamanga pano mishoni yoyamba ya Livingstonia. Malo adawakomera m'maso, koma malungo adawatha, ndipo mu 1881 adasamukira ku Bandawe. Manda ao alipo mpaka lero patsinde pa phiri. Nthawi imeneyo sankadziwa kuti mdani wao ndi udzudzu. Ife tikudziwa, ndiye neti ija isatsale m'chikwama.

Mapiri, zilumba ndi madzi oyandikana nazo zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Chifukwa chake si njovu kapena mikango, koma tinsomba ta mbuna, tamawangamawanga ngati zitenje za pa ukwati, timene timakhala m'miyala ndipo sitipezeka m'nyanja ina iliyonse mwachilengedwe. Pachipata pamalipiridwa, ndipo Amalawi amalipira zochepa kuposa alendo akunja, choncho chiphaso cha unzika chisatsale. Nkhuni za m'nkhalangomo musatole. Kamba wanu mubise, pakuti anyani a kumeneko alibe manyazi.

Boti lopita ku chilumba cha Thumbi mupangane mtengo muli pamtunda, ndipo muwerenge majekete oyandamitsa munthu musanakwere: amayi khumi, majekete khumi. Akakhala osakwana, pitani maulendo awiri. Kumeneko anyamata amaponya nsomba m'madzi naimba likhweru, nkhwazi nkutsika kuchokera mumtengo kudzaitola inu mukuona. Za kusamba, dziwani kuti madzi a m'mbali mwa mudzi, makamaka pamene pali bango ndi udzu, ali ndi nkhono zofalitsa likodzo. Amene walowa m'madzi akanene kuchipatala patapita miyezi iwiri kapena itatu kuti akamuyeze nkulandira mankhwala, ngakhale asakumva kupweteka paliponse. Usiku tulukani panja muone nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati mzinda woyandama, ndipo m'mawa mulawirire kugombe pamene mabwato akukocheza. Mudzapeza kuti ogula, owiritsa ndi oyanika nsomba pa matandala ambiri ndi amayi anzathu, ena ochokera kutali, amene amagona pagombe masiku angapo kudikira nsomba. Usipa wouma wa kunyumba mugule kwa iwowa.

Pobwerera musadzere njira yomwe mudabwerera. Tengani msewu wolowera kumadzulo wokatulukira pa Golomoti, mukhotere kumpoto pang'ono kufika ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers adaiyamba mu 1902. Pamenepo pali malo a za luso ndi chikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adawayambitsa mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa kwa mwana, chinamwali, ukwati mpaka maliro. Muli zigoba zambiri za Gule Wamkulu, choncho wapampando awauziretu amayi, kuti amene mtima wake sukulola akhale panja pamthunzi popanda womuseka. Maola awiri akwanira. Muchoke pa Mua isanakwane 2 koloko masana, kuti mudutse pa Balaka nkufika pa Liwonde kusanade, pakuti madzulo msewu umadzaza ndi njinga zopanda nyali, ngolo ndi mbuzi zobwerera kukhola.