Akomishonala amabwera n'kupita, Khayelitsha ili pomwepo

Kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2010 mpaka 2021, pampando wa komishonala wa polisi m'chigawo cha Western Cape, komwe kuli mzinda wa Cape Town, panakhala anthu anayi: Arno Lamoer, Khombinkosi Jula, Yolisa Matakata ndi Thembisile Patekile. Apa sitikuwerengera amene ankangogwirizira mpandowo wina akachoka mnzake asanafike. Aliyense pobwera ankaima pamaso pa atolankhani, nyota zili waliwali paphewa, n'kulonjeza kuti zigawenga ziona zakuda. Anthu ankamvera pawailesi n'kuyamba kuyembekezera, nanenso chimodzimodzi. Ukamagona m'dera limene mfuti zimalira usiku, mtima umafunitsitsa kukhulupirira kuti mwina amene wabwerayu ndiye atipulumutse.

Koma pa zaka zimene ndakhala mumzinda uno ndaona kuti malonjezo amenewo safika ku Site C, ku Khayelitsha, nthawi ya 4 koloko m'bandakucha. Nthawi imeneyo mayi wogwira ntchito zam'nyumba amakhala atadzuka kale, wasamba madzi a m'beseni, foni waibisa m'sokosi, ndalama ya takisi waimangirira pakona ya mpango. Satuluka yekha. Amagogoda pakhoma la malata la mnzake, awiriwo n'kuitana wachitatu, ndiye amayenda mondondozana m'tinjira ta pakati pa zisakasa, topapatiza moti galimoto ya polisi singalowemo ngakhale itafuna. Getsi lalitali lounikira dera lonse likafa, limatha masabata lili chifere. Chimbudzi chili kutali, kumapeto kwa mzere wa nyumba, ndipo amayi ambiri amalolera kugona ndi ndowa m'nyumba kuopa kugwiriridwa panjira. Pakatha maola awiri mayi yemwe uja amakhala akukolopa khonde ku Camps Bay, nyanja ikuoneka pansipo, magalimoto a alonda olipidwa akuzungulira msewu, makamera ali pageti lililonse. Mzinda ndi umodzi womwewo, komishonala ndi mmodzi yemweyo.

Kusiyana kumeneku kunayesedwa ndi manambala, ndipo amene anakakamiza kuti kuyesedwe ndi anthu wamba. Mabungwe a anthu a ku Khayelitsha, monga Social Justice Coalition, Treatment Action Campaign ndi Equal Education, anadandaula kwa zaka mpaka mu Ogasiti 2012 mtsogoleri wa chigawochi, Helen Zille, anakhazikitsa komiti yofufuza mmene polisi ikugwirira ntchito m'derali. Anaitsogolera ndi Kate O'Regan, yemwe kale anali woweruza m'khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, pamodzi ndi Vusi Pikoli, yemwe anakhalapo mkulu wa oimira boma pamilandu. Nduna ya zapolisi ya nthawi imeneyo, Nathi Mthethwa, inathamangira kukhoti kuti kafukufukuyo aimitsidwe, koma mu 2013 inagonja. Umboni unayamba kumvedwa mu Januwale 2014 ku Lookout Hill, mu Khayelitsha momwemo, anthu atadzaza holo.

Zimene zinatuluka m'holomo n'zimene aliyense wokhala m'derali ankadziwa kale, kungoti tsopano zinalembedwa. Polisi ya Harare, imodzi mwa zitatu zimene zinali ku Khayelitsha nthawi imeneyo, inali ndi apolisi 111 pa anthu 100,000 alionse, pamene ya ku Camps Bay inali ndi oposa 900. Wapolisi mmodzi wofufuza milandu ankasenza madoketi oposa 100. Munthu woteroyo ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, sangayendere mboni zonse, sangaimbire foni aliyense amene anadandaula. Doketi ikapanda kufika kukhoti tsiku la mlandu, woweruza amauchotsa mlanduwo, ndipo amene anakuthyolera nyumba umakumana naye mawa lake pampopi. Anthu akatopa amadziweruzira okha. Lipoti la apolisi eniake linawerenga anthu 78 amene anaphedwa ndi magulu a anthu olusa ku Khayelitsha pakati pa Epulo 2011 ndi Juni 2012. Sindiikira kumbuyo kuotcha munthu ndi tayala, ndi nkhanza yoopsa, ndipo kawirikawiri wophedwayo sapatsidwa mpata wodziyankhira. Komabe ndikamva mayi akunena kuti kupolisi anapitako katatu osathandizidwa, ndimadziwa kumene mkwiyo umenewo umachokera.

Lamoer anakaonekera pamaso pa komitiyo ndipo anapepesa kwa anthu a ku Khayelitsha. Lipoti linatuluka mu Ogasiti 2014 ndi mfundo 20 zoti zikonzedwe, kuphatikizapo kuonjezera ofufuza milandu, kupeza njira yolonderera m'madera a zisakasa, kuunikanso kagawidwe ka apolisi ndi kumanga polisi yatsopano ku Makhaza. Chaka chotsatira mkulu wa polisi m'dziko lonse, Riah Phiyega, anatsutsa zambiri za m'lipotimo, ndipo chaka chomwecho iyenso anaimitsidwa ntchito pa nkhani ya kuphedwa kwa ogwira ntchito m'migodi ku Marikana. Lamoer naye anaimitsidwa mu 2015, ndipo mu 2018 anavomera mlandu wa katangale, wolandira ndalama kwa munthu wabizinesi, n'kulamulidwa kukakhala kundende zaka 6. Amene anapepesa uja anapita, amene anakana uja anapitanso, ndipo obwera m'malo mwawo analibe ngongole ndi lipotilo. Anthu a mabungwe aja ndi amene anatsala nalo m'manja. Anabwereranso kukhoti, ndipo mu Disembala 2018 khoti loona za kusasalana linagamula kuti kagawidwe ka apolisi ku Western Cape kamasala anthu akuda ndi osauka.

Kwa nthawi ndithu ndinkaganiza kuti zonsezi zikusonyeza kuti komishonala alibe ntchito kwenikweni, kaya akhale ndani. Nkhani ya mfuti ndi imene inandionetsa mbali ina. Mtsamunda wa polisi Chris Prinsloo, yemwe ankagwira ntchito ku Gauteng, ankatenga mfuti zoyenera kuphwanyidwa n'kumazigulitsa, ndipo pafupifupi 2,000 zinakathera m'manja mwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats. Anagwidwa chifukwa cha kafukufuku amene ankatsogolera akuluakulu awiri a polisi, Jeremy Vearey ndi Peter Jacobs, ndipo mu 2016 anamulamula kukhala kundende zaka 18. M'chaka chomwecho awiri aja anachotsedwa pa maudindo awo n'kutumizidwa kwina, ntchito yofufuza kumene mfutizo zinapita isanathe. Khoti la zantchito linanena mu 2017 kuti kusamutsidwako kunali kosatsata malamulo. Pamenepo ndinazindikira kuti mphamvu yeniyeni ya amene ali pamwamba ili m'cholembera: amasamutsa ndani, amakweza ndani, amateteza ndani. Zimenezi sizilengezedwa pawailesi, koma mfuti imene sinalondoledwe chifukwa wofufuza wasamutsidwa imakalira ku Manenberg kapena ku Hanover Park, mwana akuchokera kusukulu.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya Charl Kinnear. Anali mmodzi wa ofufuza milandu m'nthambi yolimbana ndi magulu a zigawenga, imene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaikhazikitsa ku Hanover Park mu Novembala 2018. Kinnear analembera akuluakulu ake kalata yaitali yodandaula kuti apolisi anzake ena akusokoneza ntchito yake. Moyo wake unali pachiswe ndipo akuluakulu ankadziwa, n'chifukwa chake anamupatsa omulondera pakhomo. Kenako omulonderawo anachotsedwa. Pa 18 Sepitembala 2020 anawomberedwa ali m'galimoto yake, kunja kwa nyumba yake ku Bishop Lavis, dzuwa likuswa mtengo. Wapolisi wachinyamata aliyense mumzinda uno anaona zimene zimachitikira munthu wogwira ntchito mopanda mantha, ndipo phunziro lotero silifufutika ndi mawu a komishonala watsopano. Mu 2022 woweruza Daniel Thulare analemba m'chigamulo china kuti umboni ukusonyeza kuti gulu la zigawenga la 28s lalowerera mpaka kwa akuluakulu a polisi m'chigawochi. Akulu akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Zinthu zina zayesedwa. Mu Julaye 2019 asilikali anatumizidwa ku Cape Flats, anakhalako miyezi ingapo n'kubwerera kumabaraki. Boma la chigawo ndi khonsolo ya mzinda analemba achitetezo awoawo a LEAP n'kuwaika m'madera ovuta kwambiri. Koma amene ndimawaona tsiku ndi tsiku ndi amayi ndi abambo ovala majekete owala, operekeza ana kusukulu m'mawa, ndi olondera usiku atanyamula tochi ndi wezulo basi. Ambiri salipidwa kanthu. Iwowa ndiwo amadziwa kuti getsi la pakona lafa liti, nyumba yogulitsa mankhwala ozunguza bongo a tik ndi iti, mnyamata uti wayamba kuyenda ndi anthu olakwika. Mkulu wa polisi ya m'dera akasinthidwa, amayamba kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi kwa munthu watsopano, amene mwina sakhalanso nthawi yaitali. Ndakhalapo pamisonkhano ya anthuwa ndi apolisi, ndipo chimene chimandigwira mtima ndi kope lakale la mlembi, lopindika m'makona, mmene muli madandaulo a zaka zambiri ndi masiku ake. Wapolisi wanzeru amayamba wapempha kope limenelo asanalankhule.

Palinso ife a ku Malawi, amene tadzaza ku Imizamo Yethu, ku Masiphumelele, ku Dunoon ndi ku Vrygrond, tikugwira ntchito m'maluwa, m'makhitchini ndi pa zomangamanga. Pamisonkhano ija sitionekako kawirikawiri, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Mnyamata amene pasipoti yake inatha masiku akalandidwa malipiro a sabata yonse Lachisanu madzulo, amawerengera kawiri asanapite kukauntala ya polisi, poopa kuti wodandaula angasanduke womangidwa n'kukathera ku Lindela, kumene amasungira alendo oti abwezedwe kwawo. Amangouza anzake a kutchalitchi kapena a kumzikiti, iwo n'kumusonkhera ya lendi. Achifwamba amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amadikirira anthu otere pamalo otsikira takisi. Mlandu umenewo ulibe nambala, ulibe doketi, ndipo komishonala watsopano akakhala pansi ndi ziwerengero za milandu kuti aone kumene atumize apolisi ambiri, kubedwa kwa mnyamata uja sikupezekamo.