ZA ULENDO WA KU CISUMBU CA MADAGASCAR

Ife a kumudzi tizolowera kuti mlendo akafika pakhomo ayamba waodira, ndipo salowa kufikira mwini nyumba atamyankha. Maiko nawonso ali ndi odi wao. Tsono mwezi uno tifuna kukamba za Madagascar, cisumbu cacikuru ca m'nyanja ya India, kum'mawa kwa Mozambique. Dzikolo likula ngati Malawi kasanu, ndipo linalandira ufulu kwa Afalansa m'caka ca 1960. Alendo amapitako kukaona tinyama totchedwa lemur, ndi mitundu 6 ya malambe yosapezeka kwina konse.

Coyamba ndico pasipoti. Iyenera kukhala ndi miyezi 6 yotsala isanathe mphamvu, ndi masamba opanda kanthu odindapo cidindo. Caciwiri ndico viza, ndiko kunena cilolezo ca eni dziko. Mlendo wongoceza akhoza kuipempha pa intaneti asananyamuke, kapena kuigula pofika pa bwalo la ndege la Ivato, pafupi ndi mzinda waukuru wa Antananarivo. Amapatsa ya masiku 30 kapena 60, ndipo malipiro ace ndi a ndalama zakunja, monga yuro kapena dola. Kwaca yathu sailandira. Akhoza kufunsanso tikiti yobwerera ndi dzina la kumene mukagona. Popeza mitengo imasintha, funsani musanatseke cikwama. Safunsa anadya phula.

Pali cina cimene ambiri amaiwala. Ndege zocokera kwathu zimadzera ku Nairobi, Addis Ababa kapena Johannesburg. Ku Kenya ndi Ethiopia kuli nthenda ya yellow fever, cotero wocedwa m'menemo angafunsidwe kalata ya katemera. Katemerayo abayitsidwe masiku 10 ulendo usanafike. Malungo nawo aliko, makamaka m'mbali mwa nyanja: musasiye masikito ndi mankhwala.

Sankhaninso nyengo. Kuyambira November kufikira April ndiyo nthawi ya mvula ndi anamondwe. Sitinaiwale Freddy, amene anaomba Madagascar mu February 2023, nadzatiliza maliro kuno mu March. Miyezi yabwino ndiyo May kufikira October. Koma Antananarivo ali pamtunda, ndipo mu June ndi July mumazizira ngati ku Dedza. Tengani cobvala cofunda. Ndalama ya kumeneko ndi ariary, zinenero ndi Cimalagasi ndi Cifalansa. Mudzi uli wonse uli ndi zoletsa zace, zimene eni azicha fady. Mlendo wanzeru afunsa asanaloze manda kapena kulowa m'nkhalango.

Koma mau otilemera mumtima ndi awa, makamaka kwa inu makolo a anyamata ndi asungwana. Viza ya mlendo si cilolezo ca nchito. Wina akadza kwa mwana wanu nati, pita ngati woceza, nchito ukaipeza komweko, musagulitse mbuzi kapena munda cifukwa ca mau otere. Wopitiriza masiku ace alipitsidwa, kapena atsekeredwa ndi kubwezedwa mwamanyazi. Ndipo pa cisumbu palibe njira ya kutchire yothawira. Ponseponse pazungulira madzi.

Akuru anati mlendo ndi mame. Tiyeni tipite ndi makalata okwanira, tiwerenge masiku amene atipatsa, ndipo tibwere asanathe, kuti wa kwathu wodza pambuyo pathu akapeze khomo lotseguka.