Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Adzukulu anga, ndili ndi mlandu woti ndiulule. Nditangoyamba uphunzitsi, mwana aliyense wolankhula Chichewa m'kalasi la Sitandade 5 ndinkamulimitsa m'munda wa sukulu. Kamtsikana kena kanzeru kanangokhala duu chaka chonse poopa khasu, mpaka kanaleka sukulu. Chikumbumtima chimandivutabe.

Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Pamenepo ndinasintha kaphunzitsidwe. Ndinkayamba ndi nthano ya Kalulu m'Chichewa, kenako n'kutola mawu asanu okha a Chingerezi. Tinkawayimba, kuwachita sewero ndi kuwalemba pamchenga. Wolakwitsa sankasekedwa, ndipo amanyazi omwe anayamba kuyankha.

Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaigogoda, imabwerera m'chigoba. Lilime la mwana nalonso limatero.