Bolsa idabwera, koma mnzanga sadapite

Chaka chatha kudabwera mkulu wina wa ku Massangulo, m'boma la Ngauma, kudzacheza nane pa pologalamu yanga ya Loweruka madzulo. Adafotokoza mmene anthu a m'mudzi mwao adathawira nkhondo usiku, nkuoloka malire pa Chiponde atasenza ana ndi miphika. Adatchula maina a mafumu amene adawalandira ku Malawi, ndi a anthu amene adatsala m'njira. Ine ndidamvetsera ndi chidwi kaamba koti ndidabadwira komweko kothawira, ndipo makolo anga sakonda kuikamba nkhaniyi.

Mau ao ndidawajambula pa foni yanga, nkumati ndidzawalemba ndikapeza mpata. Foniyo idabedwa pamsika. Patapita miyezi itatu, tidaulutsa uthenga wa maliro a mkulu uja.

Nditadandaulira mnzanga wina amene amaphunzitsa mbiri pa sekondale ina ku Cuamba, adangopukusa mutu. "Achimwene," adatero, "ntchito imeneyo ndi yomwe ndinkafuna kukagwira."

Mnzangayu ali ndi digiri yoyamba. Ankafuna yachiwiri, imene kuno timati mestrado, kuti afufuze za anthu amene adabwerera kwao pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Adalemba makalata zaka ziwiri, mpaka adapeza bolsa pa yunivesite ina ku Maputo. Tsiku limenelo tidaphera nkhuku. Koma atawerengetsa bwino kalatayo, adaona kuti bolsayo ikulipira fizi yokha. Nyumba, chakudya, mabuku ndi ulendo wobwerera kuno kudzafunsa agogo, zonse zidali za m'thumba mwake, chonsecho Maputo ali pa mtunda woposa makilomita 2,000. Kunyumba kuli mkazi ndi ana atatu. Adaŵerengera malipiro ake usiku wonse, ndipo kutacha adalemba kalata yothokoza ndi kukana.

Ena atamva adati palibe chimene wataya. Ankafunsa kuti, "Kodi mbiri imadyedwa? Bwanji osaphunzira zaulimi, poti sukulu yake ili ku Cuamba komweko?" Zaulimi nzabwino ndithu, tonse timadya za kumunda. Koma tiyeni tikumbukire pang'ono.

Mu 1919 mbusa Yohanna Abdallah wa ku Unango adasindikiza buku la mbiri ya Ayao m'Chiyao. Padutsa zaka zoposa 100, koma ofufuza akuliwerengabe, chifukwa iye adafunsa akuluakulu akadali moyo. Eduardo Mondlane adapita ku America ndi thandizo la bungwe la Phelps Stokes, ndipo mu 1960 adalandira digiri ya udokotala wa maphunziro a kakhalidwe ka anthu ku Northwestern University. Armindo Ngunga adalandira digiri yonga yomweyo ku Berkeley mu 1997 pofufuza Chiyao chimene timalankhula pamsika pano. Boma litayamba kulowetsa zilankhulo zathu m'sukulu za pulaimale mu 2003, padafunika anthu odziwa kalembedwe kake ndi malamulo ake. Anthu otere sagwa kumwamba. Pali wina amene adawalipirira.

Tsono pempho langa lili patatu.

Kwa amene mumapereka bolsa, kaya ndi boma kudzera ku Instituto de Bolsas de Estudo, kaya ndi mipingo kapena mabungwe, ndikuti zikomo, koma dziwani kuti fizi yokha imathandiza mwana amene makolo ake ali kale mumzinda. Wa ku Mandimba mukampatsa fizi yokha, mwampatsa khasu lopanda mpini. Kafukufuku wa mbiri ndi zilankhulo safuna makina odula ai. Amafuna chapa yokafikira kumudzi, chojambulira mau, ndi ufa wosiyira ana.

Kwa achinyamata, musamangoyang'ana ku Maputo ndi ku Portugal kokha. Dziko lathu lidalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo kumeneko kulinso ma bolsa. Amafuna Chingerezi, koma kuno kumalire ambiri mudaphunzirako ku Namwera ndi ku Mangochi. Chingerezi chimene mumagulitsira malonda pa Chiponde chingathe kukutsegulirani khomo. Aphunzitsi, mukaona chidziwitso cha bolsa, titumizireni ku wailesi nthawi isanathe. Ndidzachiwerenga m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, ulere.

Kwa ife eni mudzi, pamaliro timasonkha msanga, aliyense kambale ka ufa. Kodi amalonda, alimi a fodya, mizikiti ndi matchalitchi a maboma atatuwa angalephere kusunga mwana mmodzi kwa zaka ziwiri? Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ine ndidalekezera sekondale, ndipo digiri sindiiyembekeza. Koma tsopano mkulu aliyense akabwera ku situdiyo, mau ake ndimawasunga pawiri, ndipo Lamulungu ndimawalemba m'kope. Makope adzadza anai. Mnzanga uja akabwera pa holide amawawerenga ndi kulemba mafunso ake m'mbali. Chaka chino walembanso makalata ena atatu, ndipo pa kalata iliyonse wayamba wafunsa kaye ngati bolsayo ili ndi ndalama ya nyumba.